Shopu ya magalasi yomwe inakana kutigulitsa magalasi

Pali shopu ina ya magalasi mtauni muno mu Mzuzu yomwe ndikufuna ndiyiyamikire, chifukwa akanakhala ena bwenzi atangotidyera ndalama basi. Mayi anga anachitidwa opaleshoni ya m'mutu, mtsempha wamagazi unatupa ngati kabaluni, madokotala amati aneurysm, ndiye chotupacho chimapanikiza mtsempha wachitatu wochokera ku ubongo womwe umayendetsa diso ndi chikope. Atatuluka m'chipatala chikope chakumanzere chinali chogwa, ukachikweza ndi chala umapeza diso layang'ana kumbali cha pansi, mwana wa diso atakula kwambiri.

Patapita miyezi chikope chinayamba kutseguka, koma apa mpomwe mayi anayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, tiyi kuthira pambali pa kapu, sitepe ya pakhonde kuyifufuza ndi phazi, ife mtima m'mwamba kuti matenda aja abwereranso. Ndiye tinapita kuti tikagule magalasi apadera otchedwa prism omwe tinamva kuti amathandiza munthu woona zinthu ziwiriziwiri.

Bambo woyeza maso wa pashopupo anatenga nthawi ndithu, kuwauza mayi kuti atsatire cholembera uku ndi uku, mmwamba ndi pansi, kenako anatiuza kuti diso linali lokhota kuyambira kale koma chikope chimabisa, ndipo kutseguka kwake ndi chizindikiro chakuti mtsempha ukuchira. Za prism anati musataye ndalama panopa, diso likusinthabe ndipo kukhotako kumasiyana malinga ndi komwe munthu wayang'ana, magalasi a lero mwezi wamawa sagwira. Anangomata tepi yotchinga kuona pa galasi limodzi la magalasi awo akale, pompo mayi anati ndikuona munthu mmodzi tsopano. Anatiuzanso kuti madokotala amadikira miyezi 6 mpaka 12 asanaganize zokonza diso ndi opaleshoni, komanso kuti mutu ukadzawawa koopsa mwadzidzidzi tisabwere kushopu, tithamangire kuchipatala cha Mzuzu Central. Zimenezi zinandikhudza kwambiri.

Zodandaula zilipo. Malo ndi ochepa, benchi imodzi, munthu wodwala kumadikira chiimire si bwino ayi. Kachigamba kophimba diso komwe amagulitsa nako sikabwino, kamayabwa ndipo lasitiki yake sichedwa kutamuka, tepi ija ndiyomwe yatithandiza. Magalasi akuda otchinga dzuwa omwe tinagula ali bwinobwino, paja diso lija kuwala kumalivuta.

Panopa chikope chimatseguka pafupifupi chonse, kungoti akayang'ana pansi chimakwera chokha, akuti nthawi zina mtsempha ukamachira umalumikizana molakwika ndiye tikawaonetsa adokotala pa cheki yotsatira. Mukamapita tengani kalata yakuchipatala ndi magalasi akale, amafunsa zonse ziwiri asanayambe kuyeza.