Kuchulukitsa Mphesa ku Salima: M'machubu Kapena Pamunda Pomwepo?

Nthambi za mphesa zimadulidwa mu Juni kapena Julayi, pamene mtengo wayoyola masamba. Nthambi yabwino ndi yokhwima, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 30 ndiponso yokhala ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Nanga izikidwe kuti?

Kuizika pamunda pomwepo n'kosavuta, ndipo mizu yake sisokonezeka chifukwa siwokeredwa. Koma kuno ku Salima dothi lamchenga limauma msanga, chiswe chimadya nthambi isanatulutse mizu, ndipo kutentha kwa Okutobala kumapsereza mphukira zanthete, osanenanso za mbuzi zimene zimangoyendayenda m'chilimwe.

Machubu apulasitiki amafuna ntchito yambiri, komabe ine ndimawakonda kwambiri. Mlimi amasakaniza mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana, amakwirira mfundo ziwiri mosazondotsa nthambi, popeza yozondoka siphuka bwino, kenako amaika machubuwo pamthunzi n'kumathirira pang'onopang'ono, chifukwa madzi akachuluka nthambi imawola. Mbande zofooka zimaonekeratu, choncho zamphamvu zokha ndizo zimawokeredwa mvula ikakhazikika mu Disembala.

Amene ali ndi mpanda komanso chitsime pafupi angathe kuzika pamunda, bola aike nthambi ziwiri paphando lililonse kuti ina ikauma inzake itsale.