Kosi ya Química ya pa intaneti: mawerengedwe yandiphunzitsa, koma labotale ndinaikonzera kukhitchini kwa agogo

Nyenyezi zitatu ndi theka pa zisanu.

Ndamaliza kosiyi sabata yatha, patatha miyezi inayi, ngakhale eni ake analemba kuti ndi ya masabata 12. Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo masana ndimagulitsa mbewu ndi feteleza musitolo ya amalume anga. 12ª classe, kalasi yomaliza ya sekondale, ndinamaliza zaka zitatu zapitazo. Mtima wanga uli pa maphunziro a zaulimi a ku UniZambeze, amene sukulu yake ili pompano pa Ulongwe, ndiye ndinati ndidzutse kaye Química, imene anzathu a tsidya la Dedza amati kemisitiri, chifukwa inali itagona tulo tofa nato m'mutu mwangamu. Kusekondale tinkangoloweza, mayeso akatha zonse n'kuuluka.

Ndiyambe ndi chimene chandikhutitsa, chifukwa n'chachikulu: mutu wa mol. Kale ndinkalemba 6,022 × 10²³ ngati nambala ya foni ya munthu wosamudziwa. Mphunzitsi wa m'mavidiyowa anachedwa dala pamenepa, maphunziro asanu athunthu, mpaka ndinamva kuti mol ndi njira yowerengera tinthu tosaoneka pogwiritsa ntchito sikelo. Ndi zimene timachita tsiku lililonse musitolo: palibe amawerenga njere za chimanga imodziimodzi, timangoyeza makilogalamu. Ukalakwitsa funso, amakupatsa lina lofanana nalo koma la manambala ena, ndiye kubera n'kosatheka. Makope awiri anatha.

Tsiku lina kunalibe makasitomala, ine nditakhala pamatumba a ureya. Pathumba analemba 46% N, N kutanthauza nayitirojeni, ndipo zaka zonsezi ndinkaona ngati n'chizindikiro chabe cha fakitale. Ndinatenga bolopeni n'kulemba kuseri kwa lisiti fomula ya ureya, CO(NH₂)₂, ndi kulemera kwa maatomu ake. Kaboni 12, okosijeni 16, manayitirojeni awiri 28, mahayidirojeni anayi 4, zonse pamodzi 60. Ndiye 28 kugawa ndi 60 zinapereka 46,7 pa 100. Ndinakuwa ndekhandekha ngati ndatola ndalama. Ndiko kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli nayitirojeni pafupifupi makilogalamu 23, pamene thumba lofanana la NPK 12-24-12 lili ndi makilogalamu 6 okha. Ndipo 24 uja si fosiforasi yekha ayi, amawerengera P₂O₅, fosiforasi wophatikizana ndi okosijeni, kotero fosiforasi weniweni ndi pafupifupi 10,5 pa 100.

Nditawaonetsa amalume anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anati, "Iwe mwana, ndiye makilogalamu 27 otsalawo anthu timawagulitsa chiyani?" Ndinati, "Amalume, musaope, sitikubera munthu. Ndi kaboni, okosijeni ndi hayidirojeni zimene zagwirizira nayitirojeniyo." Anangopukusa mutu n'kunena kuti ndisakalankhule zimenezi pamaso pa makasitomala. Dziwani kuti za feteleza mu kosimo mulibe n'komwe. Zitsanzo zawo n'za mabatire a galimoto ndi mchere wothira pamisewu ya chipale chofewa. Koma njira yowerengera anandipatsa, ndipo imagwira paliponse.

Tsopano zowawa. Kosiyi anaikonzera munthu wa kompyuta ndi intaneti yosadukiza, osati wa foni yosweka galasi amene amagula mamega a tsiku limodzi. Vidiyo imodzi ya mphindi 20 inkadya mamega ngati mbuzi yalowa m'dimba. Ndinaphunzira mochedwa kuti ungathe kutsitsa mavidiyo osawala kwambiri, batani lake analibisa penapake. Kuyambira pamenepo ndinkatsitsa pakati pa usiku, netiweki ikapepuka, n'kumaonera m'mawa. Koma mayeso a kumapeto kwa mutu uliwonse satsitsika, ndipo ali ndi wotchi. Kawiri konse magetsi anazima, netiweki n'kuthawira limodzi, wotchi ili pikitipikiti kuwerenga. Ndinalembera othandiza ophunzira, yankho linabwera patatha masiku asanu ndi limodzi, lonena kuti ndione ngati intaneti yanga ili bwino. Ndinaseka, nanga n'kutani.

China chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi kachizindikiro kakang'onong'ono. Kuno ku Mozambique timalemba 0,25, iwo amafuna 0.25. Makina awo ankandichonga kuti ndalakwa mafunso onse a mayeso oyamba, ine n'kumabwereza masamu mpaka tambala woyamba, kudziyesa mbuli. Palibe pamene anachenjeza. Amene mudzalembetse, gwiritsani ntchito kadontho.

Mavidiyo ndi a Chingerezi, mawu olembedwa m'munsi a Chipwitikizi ndi omasulira makina, ndipo nthawi zina amapotoza ganizo lonse. Nayitirojeni, amene ife tinazolowera kuti azoto, iwo akuti nitrogênio, mwa Chibrazili. Komabe Chipwitikizi chinandithandiza pa zizindikiro zina: Fe ndi ferro, Cu ndi cobre, sizivuta ngati mmene amavutikira a Chingerezi chokhachokha. Mutu wa tabela periódica, ndandanda ya maelementi onse, unayenda bwino, mbiri ya Mendeleev ndi ndandanda yake ya mu 1869 anaifotokoza mokoma. Wa ma orbital, malo amene maelekitironi amapezeka mu atomu, anauthamangitsa ngati akuthawa mvula, ndipo mpaka pano ndimangoyankha mwa kuloweza.

Labotale ndiye mulibe. Pali kamasewero kotsanulira asidi pa sikirini, ndipo pafoni yanga kankauma dontho lisanagwe. Munthu ungamalize kosi yonse osagwirapo botolo. Nditafika pa mutu wa asidi ndi base, zotsutsana ndi asidi, ndinatopa nazo, ndinapita kumudzi kwa agogo Loweruka. Ndinaviika chidede m'madzi otentha mpaka anafiira, n'kuwagawa m'makapu atatu. M'kapu yoyamba ndinafinyiramo ndimu, madzi anafiira kwambiri, psuu! Yachiwiri ndinaisiya. M'yachitatu ndinathiramo chidulo chimene agogo anatcheza kuti aphikire therere, ndipo pomwepo madzi anasanduka obiriwira modera. Agogo anabwerera m'mbuyo, manja pakamwa.

"Mdzukulu, zimenezi ndi zimene akukuphunzitsa mufonimo?"

"Eya agogo. Chidulo chanuchi ndi base, m'phulusa muli potaziyamu kaboneti."

"Kaya. Koma chidulo changa wandithera."

Tsiku limenelo therere anaphika ndi soda wa kugolosale, akudandaula kuti safanana kakomedwe. Ine pH, muyeso wa asidi ndi base, ndinaimvetsa pamenepo kuposa mavidiyo onse atatu a mutuwo. N'chifukwa chiyani okonza kosi sangaike zoyesera zoterezi, za zinthu zopezeka pakhomo? Sizikanawadyera kanthu.

Mutu wa mipweya unandiuza chifukwa chake madzi kuno kumapiri, mamita oposa 1 200 kuchokera pa nyanja yamchere, amawira asanafike pa madigiri 100, cha m'ma 96, pomwe mumzinda wa Tete, kuchigwa cha Zambezi, amayandikira 100. Unandiopsezanso pa mbaula: makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa monóxido de carbono, mpweya wakupha wopanda fungo. Juni uno, kuzizira konse kuja, mbaula inkagona panja.

Kuonera maphunziro n'kwaulere, satifiketi ndiyo yolipira, ndipo amafuna khadi la kubanki. M-Pesa kapena e-Mola sizinali pa mndandanda wawo, ndiye ndinachita kupempha achimwene amene amagwira ntchito ku Moatize kuti andilipirire. Ndikanadziwa sindikanawavutitsa. Pepalalo sililowa m'malo mwa exame de admissão yolowera ku yunivesite, mayesowo ndidzalembabe ngati wina aliyense, ndipo mafunso akale a mayeso amenewo ndikuchita kufunafuna padera chifukwa kafunsidwe kake n'kosiyana. Ngati mukufuna kudzutsa masamu a Química musanakalowe chaka choyamba, lembetsani mbali yaulereyo, gulani makope awiri ndi kakyuleta yeniyeni. Ya mufoni imakutulutsa m'mayeso ukangoitsegula.