Michael Collins uti? Masamba a Wikipedia amene amayamba afunsa asanakuyankhe

Mwana wanga wamkazi anapatsidwa homuweki yoti alembe za anthu atatu amene anapita ku mwezi mu 1969. Za Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin analemba bwinobwino osandifunsa kanthu. Atafika pa wachitatu ndi pamene anabwera foni ili m'manja, nkhope itakwinyika. "Ababa, munthu angapite bwanji ku mwezi atamwalira kale?" M'kope mwake anali atalemba kuti Michael Collins anabadwa mu 1890 ndipo anaphedwa mu 1922. Pulogalamu ina yofufuzira zinthu ya pa foni ndi imene inamupatsa zimenezi, yankho limodzi lokha, lolembedwa mosakayika konse, chithunzi cha bambo wovala yunifolomu ya usilikali chili pambali.

Zimene analembazo zinali zoona ndithu, kungoti anali munthu wina.

Tinakhala pansi n'kutsegula Wikipedia ya Chingerezi, n'kulemba dzina lomwelo. Sipanabwere mbiri ya munthu ayi. Panabwera ndandanda ya anthu ambirimbiri otchedwa Michael Collins, aliyense pa mzere wakewake, atagawidwa malinga ndi ntchito zawo: a ndale paokha, a masewera paokha, a zaluso paokha. Pa mzere uliwonse pali dzina, zaka zimene munthuyo anakhala ndi moyo, ndi mawu ochepa onena zimene ankachita, basi. Palibe chithunzi, palibe chokongoletsa chilichonse. Masamba amenewa eni ake amawatcha disambiguation, kutanthauza kuchotsa chisokonezo. Ndakhala ndikuwagwiritsa ntchito kwa zaka zingapo pokonza mafunso a mpikisano wa ana a sukulu, ndipo ndimaona kuti ndi gawo la Wikipedia limene anthu saliyamikira mokwanira.

Mwanayo sanachedwe kupeza pamene panalakwika. Wa 1890 uja anali mtsogoleri wa ku Ireland, wobadwira ku County Cork, mmodzi mwa amene anamenyera ufulu wa dzikolo kuti lichoke m'manja mwa Britain. Anasaina nawo pangano ndi dziko la Britain mu Disembala 1921, limene linagawanitsa anthu omwe poyamba ankamenya nkhondo ali mbali imodzi, ndipo pa 22 Ogasiti 1922 anamuwombera pa malo otchedwa Béal na Bláth ali ndi zaka 31 zokha. Wa ku mwezi uja anabadwa mu 1930, mnzakeyo atagona m'manda zaka 8, ndipo anabadwira ku Rome kumene bambo ake, msilikali wa dziko la America, ankagwira ntchito. Iyeyu pa mwezi sanapondepo. Pamene Armstrong ndi Aldrin anatsika pa 20 Julayi 1969, iye anatsala yekha m'chombo chachikulu chotchedwa Columbia, akuzungulira mwezi uku akudikira anzakewo. Chombocho chikangolowa kuseri kwa mwezi, wailesi inkaduka kwa mphindi pafupifupi 48, moti sankamva mawu a munthu aliyense, kaya a padziko pano kaya a anzake awiri aja. Anamwalira mu Epulo 2021. Anthu awiri, dzina limodzi, ndipo sanapumepo mpweya wa dziko lino tsiku limodzi onse ali moyo.

Chimene ndimawakondera masamba amenewa n'choti sakuganizira zimene ukufuna. Amavomereza kuti funso lako silinakwane, ndipo amakubwezera: mwa anthu onsewa, ukunena uti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo makina ambiri a masiku ano safunsa. Amathamangira kukupatsa munthu amene anthu ambiri amamufufuza, iwe n'kumeza osadziwa kuti panali ena. Tsamba la ndandanda limakuchedwetsa kamphindi, koma kamphindi kameneko ndi kamene kamakupulumutsa.

Ndinachita chidwi nditadziwa kuti kuuma kwa masambawa n'kwadala. Wikipedia inayamba mu Januwale 2001 ndipo imalembedwa ndi anthu odzipereka, osalipidwa, koma anagwirizana malamulo a kalembedwe ka masamba otere. Mzere uliwonse umayenera kukhala ndi linki imodzi yokha ya buluu, yopita ku mbiri ya munthuyo, kuti chala chisasochere n'kukagwera ku nkhani ya mzinda kapena ya timu. Mawu ofotokoza amayenera kukhala ongokwanira kumusiyanitsa ndi anzake. Ndipo mitu ya mbirizo imalembedwa dzina kenako ntchito ya munthuyo m'mikutiramawu, kuti ngakhale utafika pa tsamba lake kudzera njira ina, uone pompo kuti wafika kwa woyendetsa chombo kapena kwa mtsogoleri wa ku Ireland. Lembani Brian Cox muone: pali wa zisudzo wa ku Scotland wobadwa mu 1946, ndi katswiri wa sayansi ya physics wa pa University of Manchester wobadwa mu 1968, amene wagwirapo ntchito ku CERN, malo aakulu ofufuzira za sayansi a ku Ulaya. Onsewa amaoneka pa wailesi ya kanema ya ku Britain, ndiye kuwasokoneza n'kosavuta. Tsambalo limathetsa nkhaniyi m'mizere iwiri.

Komatu si mayina onse amene amakufikitsa pa ndandanda yotere, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mawu. Pali lamulo loti ngati munthu mmodzi akuposa kutalitali anzake onse a dzina lake, dzinalo alitenge yekha popanda mikutiramawu. Amayeza zinthu ziwiri: amene owerenga ambiri amakhala akumufuna, ndi amene mbiri yake idzakhalebe yofunika pakapita zaka. Ena onsewo amakankhidwira kuseri kwa kamzere kakang'ono ka zilembo zopendekera kamene kamakhala pamwamba pa nkhaniyo, konena kuti ngati ukufuna ena a dzinali, dina apa. Pa kompyuta kamzereka kamaoneka. Pa foni, maso amathamangira chithunzi ndi ndime yoyamba, ndipo ndaona ana ambiri akukadumpha osakazindikira n'komwe.

Lembani Michael Jordan, mufika kwa katswiri wa basketball wobadwa mu 1963, amene anatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya masewerawa ku America, kasanu ndi kamodzi ndi timu ya Chicago Bulls pakati pa 1991 ndi 1998. Apa sindikutsutsa, chifukwa mwa anthu khumi olemba dzinali, pafupifupi onse amafuna iyeyo. Koma kuseri kwa kamzere kaja kuli Michael B. Jordan wa m'mafilimu, wobadwa mu 1987, komanso Michael I. Jordan, pulofesa wa pa University of California, Berkeley, wobadwa mu 1956, amene ntchito yake ya masamu ndi ziwerengero ili m'gulu la maziko a makina ophunzira okha, awa tikuti AI masiku ano. Andrew Ng, amene waphunzitsa khwimbi la anthu nkhani zimenezi pa intaneti, anali wophunzira wake. Mwayi wa awiriwa ndi chilembo chapakaticho, B ndi I, chimene chimawapatsa khomo lawolawo.

Pamene mtima wanga umandipweteka ndi pa John Howard. Dzinali linapita kwa nduna yaikulu ya dziko la Australia, imene inalamula kuyambira 1996 mpaka 2007. Ndi munthu wamkulu, palibe akukana. Koma kuseri kuli John Howard wina wa ku England, amene anabadwa mu 1726, ndipo ine ndinamudziwa mwangozi, chifukwa chongodina kamzere kaja ndikukonza funso la za Australia. Mu 1773 anamusankha kukhala mkulu woona za malamulo m'boma la Bedfordshire. Ambiri pa udindo umenewu ankangotumiza anyamata awo kukaona ndende, koma iye anapita yekha. Zimene anakapeza zinamukhalitsa kakasi. Oyang'anira ndende sankalandira malipiro ku boma, ankadyera ndalama zimene ankalipiritsa akaidi. Choncho munthu amene khoti lamupeza wosalakwa ankatha kutsekeredwabe mpaka atalipira ngongole ya woyang'anira ndende. Taganizirani, woweruza wanena kuti ulibe mlandu, koma chitseko sichikutseguka chifukwa m'thumba mulibe kanthu.

Howard sanangodandaula n'kukhala pansi. Anayenda ndende ndi ndende, akuyeza zipinda, akulemba za chakudya, madzi, mpweya ndi matenda. Mu 1774 anakapereka umboni ku nyumba ya malamulo, ndipo chaka chomwecho panakhazikitsidwa malamulo awiri, lina lothetsa ndalama zija kwa opezeka osalakwa, lina lokhudza thanzi la akaidi. Kenako anazungulira mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ndalama zake, akulowa m'ndende ndi m'zipatala zimene ena ankaopa ngakhale kuyandikira. Anafera m'njira yomweyo, mu 1790, mumzinda wa Kherson womwe lero uli ku Ukraine, atatenga matenda a typhus. Mpaka pano bungwe la Howard League for Penal Reform ku Britain ndi la John Howard Society ku Canada akutchedwa ndi dzina lake. Munthu wotereyu, pa muyeso wa mbiri yokhalitsa uja, ine ndikanakonda dzinali likanamafikitsa owerenga pa ndandanda, monga zilili ndi Michael Collins, kuti aliyense ayambe waona kuti a John Howard alipo angapo.

Zofananazo zili pa Richard Burton. Dzina lopanda chowonjezera ndi la wa zisudzo wa ku Wales wobadwa mu 1925, amene dzina lake lobadwa nalo linali Richard Jenkins, la Burton anatengera kwa mphunzitsi wake. Richard Burton wina, woyenda maulendo amene anafika pa nyanja ya Tanganyika mu 1858 limodzi ndi John Hanning Speke, mumamupeza ngati Richard Francis Burton. Pa Jane Seymour zinatembenuka: dzinali linatsala kwa mfumukazi, amene anamwalira mu 1537, mkazi wachitatu wa Mfumu Henry VIII ya ku England, ndipo wa m'mafilimu wobadwa mu 1951 ndi amene analandira mikutiramawu.

Chimene chimandikhazika mtima pansi n'choti zigamulo zimenezi sizichitikira m'chipinda chotseka. Aliyense akhoza kupempha kuti dzina lisunthidwe, zokambiranazo zimakhala poyera, nthawi zambiri kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo zimasungidwa kuseri kwa nkhaniyo kuti wofuna akawerenge. Ndinakhalapo usiku wina ndikuwerenga anthu osadziwana akutsutsana, wina akubweretsa chiwerengero cha owerenga tsamba, wina akuti kutchuka kwa lero sikuposa mbiri ya zaka mazana. Ukhoza kusagwirizana ndi chigamulo, koma umaona mmene anafikirapo.

Palinso malire ena oyenera kuwadziwa. Pa ndandanda pamalowa okhawo amene Wikipedia yalembapo za iwo. Ngati munthu amene mukumufuna palibe amene anamulembera mbiri, tsambalo silikuchenjezani kuti alipo wina amene sanatchulidwe, ndipo mukhoza kutenga wapafupi n'kumuveka ntchito za mnzake. Vutoli limakula pa mayina a ku Africa, chifukwa mbiri zolembedwa n'zochepa poyerekeza ndi za ku Ulaya ndi America. Kwa akatswiri ofufuza, mankhwala ake anapezeka kwina: kuyambira mu 2012 pali ORCID, nambala ya manambala 16 imene wofufuza aliyense amatha kutenga kuti ntchito zake zisasakanikirane ndi za mnzake wa dzina lofanana. Chinanso ndi chiyankhulo. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pamene ya Chichewa ilipo koma ikadali yaing'ono, ndiye ndandanda zodzadza zotere mumazipeza ku Chingerezi. Ubwino wake ndi woti mizere yake ndi yaifupi, ndipo zaka zimawerengeka m'chiyankhulo chilichonse.

Kupatula zimenezi, ndilibe pokayikira kuwalimbikitsa. Ndi aulere, alibe zotsatsa malonda, ndipo popeza ndi mawu okhaokha amatseguka msanga ngakhale netiweki ikuvuta. Ine ndinazolowera kuti ndisanalembe funso lililonse lokhudza munthu, ndimalemba dzina lake n'kuwonjezera liwu lija la disambiguation, kuti ndidumphe wotchukayo ndione onse kaye. Ndikafika, maso anga amayamba agwera pa zaka, ntchito pambuyo. Zaka ndi zimene zinagwira cholakwika m'kope la mwana wanga, iye mwini asanadziwe n'komwe kuti Ireland ili kuti.

Usiku umenewo analembanso ndime yake. Pa anthu atatu aja, amene anamulembera zambiri ndi Collins, ndipo anandifunsa kawiri konse ngati sankachita mantha kuseri kwa mwezi kuja. Ndinamuuza kuti mwini wake ananena kangapo kuti sanasungulumwe. Anagwedeza mutu ngati sakukhulupirira kwenikweni, n'kupitiriza kulemba. Pepala la Collins wa ku Ireland sanaling'ambe. Analipinda n'kuliika kumapeto kwa kope, akuti akufuna adzadziwe amene anamuwombera ndi chifukwa chake.