Mizimu ya ku Korea kapena malupanga a ku Japan: kuyerekeza kwa woonera

Ambiri a ife tinakula tikutchula filimu iliyonse ya anthu a ku Asia kuti ndi ya Chitchaina malinga ngati munali kumenyana, ndipo m'nyumba zoonetsera mafilimu za m'misika palibe ankafunsa ngati lupanga long'anima pa kanemapo linali la ku Hong Kong kapena la ku Tokyo. Lero munthu amasankha yekha choonera pa foni kapena pa kompyuta, ndipo anzanga amandifunsa kawirikawiri kuti pakati pa masewero a mizimu a ku South Korea ndi mafilimu a nkhondo a ku Japan, ndi ati oyenera kuthera bandulo ndi tulo. Ndaonera mitundu iwiriyi kwa zaka zingapo, ndipo ndaona kuti sewero la ku Korea limagwira mtima msanga pa ulendo woyamba, pamene filimu yabwino ya ku Japan imaonjezera kukoma munthu akaibwereza.

Kusiyana koyamba ndi kwa nthawi. Sewero la ku Korea nthawi zambiri limakhala ndi magawo 16, ena 12, ndipo gawo lililonse limatenga ola limodzi kapena kupitirira, kotero kuti woliyamba adziwiretu kuti wapereka madzulo a masabata awiri. Filimu ya ku Japan imatha usiku womwewo. Ngakhale Seven Samurai ya Akira Kurosawa, yomwe inatuluka mu 1954 ndipo ndi yotalika mphindi 207, siyifika pa magawo anayi a sewero limodzi la ku Seoul. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku ndi tsiku, kapena wokhala kudera komwe magetsi amathimathima, iyi si nkhani yaing'ono.

Chomwe chimandikokera ku masewero a ku Korea ndi momwe amaonera akufa. Mzimu wa m'masewero amenewa kawirikawiri ndi munthu amene wachoka asanamalize nkhani yake: ali ndi mangawa, ali ndi dandaulo, kapena pali mawu omwe sanathe kuuza mwana wake. Mu Goblin, sewero lomwe linaonetsedwa pa kanema wa tvN kuyambira mu December 2016, Gong Yoo akusewera mkulu wa asilikali wa nthawi ya ufumu wakale wa ku Korea wotchedwa Goryeo amene tsopano ali ndi zaka 939, lupanga lili chibayire pachifuwa, akudikira mkazi mmodzi yekha amene angathe kulizula kuti iye apume. Komabe malo omwe sindiwaiwala m'seweroli ndi kachipinda ka mthenga wa imfa, amene Akoreya amamutcha jeoseung saja. Womwalira amalowa, amakhala pa mpando, ndipo mthengayo amamuikira kapu ya tiyi woiwalitsa zonse za moyo uno. Ena amamwa mwachangu, ena amaigwira kapuyo ndi manja awiri kwa nthawi yaitali, ndipo ena amafunsa ngati angaloledwe kupita osamwa. Kamera imangokhala pa nkhope ndi pa nthunzi ya tiyiyo, ndipo woonera amapezeka akudzifunsa chomwe iye akanachita.

Hotel del Luna ya mu 2019 inamanga nkhani yonse pa ganizo lofananalo: hotela ya mumzinda wa Seoul yomwe alendo ake ndi mizimu yokhayokha, yoyendetsedwa ndi mkazi amene wamangika pamalopo zaka zoposa 1000 chifukwa cha mkwiyo womwe wakana kuutaya. Masewero ambiri otere amatchulanso masiku 49 omwe, malinga ndi chikhulupiriro cha Chibuda, mzimu umakhala usanawoloke, ndipo pa tsiku lomaliza abale amachita mwambo wotsanzikana nawo. Munthu amene anakhalapo pa sadaka kapena pa kumeta kwa maliro kumudzi safuna womumasulira zimenezi, pakuti amadziwa kale kuti womwalira amafunika kuperekezedwa bwino kuti otsala apeze mtendere. Revenant ya mu 2023, yomwe analemba ndi Kim Eun-hee, inafika pafupi kwambiri ndi zomwe timazitcha kukhwimira chuma, chifukwa gwero la chiwanda cha m'nkhaniyo ndi mwana amene anaphedwa ndi njala mwadala kuti banja lina lilemere. Nditaonera gawo limenelo ndinazimitsa kompyuta n'kukhala chete kwa kanthawi.

Pali chinthu china chomwe olankhula Chichewa ayenera kuchitchera khutu. Chikoreya chimasiyanitsa kalankhulidwe kaulemu ndi kachinzake, monga momwe ife timasiyanitsira "inu" ndi "iwe", ndipo m'masewero amenewa nthawi yomwe munthu wasiya kulankhula mwaulemu kwa mnzake imakhala nkhani yaikulu: mwina chikondi chayamba, mwina ulemu watha. Mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa kanema amangogwiritsa ntchito liwu limodzi pa zonsezi, choncho theka la zomwe zachitika limatayika. Mukamvetsera mosamala mudzazindikira kuti ziganizo zaulemu zambiri zimathera ndi kaliwu kakuti "yo", ndipo kakangosowa pakamwa pa mtsikana amene wakhala akukatchula kwa magawo asanu ndi limodzi, dziwani kuti pakati pa awiriwo pasintha chinthu. Apa khutu la Mchewa limamva zomwe womasulira walephera kulemba.

Zofooka zake sindingazibise. Pafupifupi sewero lililonse lomwe ndaonera limafooka pakati, cha m'ma gawo 10 mpaka 13, pomwe olemba amalekanitsa okondana popanda chifukwa chomveka ndi kubwereza zithunzi zomwe taziona kale, nyimbo yomweyomweyo ikulira pansi. Malonda amalowanso m'nkhani moonekeratu, moti munthu wa zaka mazana asanu ndi anayi amapezeka akudya m'sitolo imodzimodzi ya masangweji kamera italoza chikwangwani. Ndipo mu Goblin mkazi woyembekezeredwayo akuyamba ali mtsikana wa zaka 19 wa kusekondale pamene mwamunayo akuoneka wa zaka za m'ma 30, chinthu chomwe chinadandaulitsa oonera ena ku Korea komweko ndipo inenso sichinandikhalire bwino.

Mafilimu a malupanga a ku Japan, omwe eni ake amawatcha chanbara, amayenda njira ina. Mawu ndi ochepa, ndipo nkhani imanenedwa ndi thupi, mtunda wa pakati pa anthu awiri, ndi kudikira. Mu Seven Samurai alimi a m'mudzi wina amva kuti achifwamba adzabweranso akakolola, ndipo apita kukafuna asamurai, asilikali akale a malupanga a ku Japan, anjala amene angavomere kuwateteza polipidwa mpunga wokha, eni mudziwo akudya mawere. Chimene chimaika filimuyi pamwamba ndi chakuti woonera amadziwa mudzi wonse ngati kwawo. Mtsogoleri wa asamuraiwo, amene anasewera ndi Takashi Shimura, ayendera malire, atseka njira zina ndi mpanda, asefukiritsa madzi m'minda, n'kusiya dala mpata umodzi woti achifwamba azilowa mmodzi kapena awiri alimi asanatseke ndi nthungo za nsungwi. Pa pepala lake wajambula timizere tozungulira 40, ndipo wachifwamba aliyense akagwa amakhwatchapo kamodzi. Nkhondo yomaliza ikafika, mvula ikukhuthuka, akavalo akuterereka m'matope ofika m'mawondo, simusokonezeka ngakhale pang'ono kuti ndani ali kuti ndiponso atsala angati. Kurosawa anajambula malowa ndi makamera angapo nthawi imodzi kuti ochita sewero asamadziwe komwe akuonedwera, n'chifukwa chake kugwa kwawo kumaoneka kwenikweni. Asamurai anayi amafa, ndipo onse anayi amaphedwa ndi mfuti, chida chomwe luso lawo lonse silikanatha kuchiletsa.

Filimu imeneyi ndinaionera limodzi ndi mayi anga, amene sawerenga Chingerezi. Sindinawamasulire kupatula koyambirira, koma pamene alimi anayamba kuwoka mpunga akuimba, asamurai otsala ataima pafupi ndi mitumbira inayi yozikidwa malupanga, anatembenuka n'kunena kuti: "Mwanangu, alendowa palibe wawathokoza." Anali atamva mutu wonse wa filimuyo ndi maso okha. Sewero la ku Korea sindikanatha kuonera nawo motero, chifukwa ndikanatopa ndi kumasulira lisanathe gawo loyamba.

Amene zithunzi zopanda mitundu ngati za Seven Samurai zimawagwetsa ulesi ayambe ndi Rurouni Kenshin, mafilimu asanu omwe anatuluka pakati pa 2012 ndi 2021 motsogozedwa ndi Keishi Otomo. Nkhani yake yakhazikika m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa mfumu ya Japan, Meiji, boma litaletsa kuyenda ndi malupanga mu 1876, ndipo Takeru Satoh akusewera munthu amene anapha ambiri pa nkhondo yapachiweniweni, kenako analumbira kuti sadzaphanso, choncho amanyamula lupanga lomwe kuthwa kwake kuli kumsana. Lumbiro limeneli ndi lomwe limapatsa tanthauzo ndewu iliyonse, popeza funso la woonera limakhala lakuti kodi apambana bwanji osaswa mawu ake. Wokonza ndewuzo, Kenji Tanigaki, anagwira ntchito zaka zambiri ku Hong Kong ndi katswiri wa mafilimu a ndewu, Donnie Yen, ndipo liwiro la kumeneko limaoneka pamene Satoh akuthamanga chowerama, phewa litatsala pang'ono kukhudza pansi. 13 Assassins ya Takashi Miike, ya mu 2010, ndi yolemera kwambiri: theka loyamba ndi kukonzekera kwachete, kenako nkhondo ya mphindi pafupifupi 45 m'mudzi womwe wasandutsidwa msampha. Imeneyi musaonere ndi ana, chifukwa nkhanza za mfumu yomwe akufuna kuipha zaonetsedwa mosabisa.

Kumbali ya Japan chomwe chimandidandaulitsa ndi kuchepa kwa malo a akazi, amene nthawi zambiri amangokhala olira kapena opulumutsidwa, pamene ku Korea akazi amatsogolera nkhani ndipo olemba otchuka a masewerowa, monga Kim Eun-sook ndi Kim Eun-hee, ndi akazi. Mafilimu ena otengedwa ku mabuku a zithunzi a manga amakokomezanso zovala, tsitsi ndi kukuwa mpaka ulemu wa nkhani umachepa. Kuwapeza n'kovutirapo, makamaka akalewo, pamene masewero a ku Korea ali mbwee pa Netflix.

Mukandifunsa za luso lokha, ndiima ndi Japan, chifukwa m'mafilimu ake abwino mulibe mphindi yongodzazira nthawi, ndipo Seven Samurai ndaibwereza kanayi ndikupezamo zatsopano, pamene Goblin nditayesa kuibwereza ndinadumpha magawo angapo kuti ndikafike ku kachipinda ka tiyi kaja. Koma mnzanga wina amene anataya bambo ake chaka chatha atandipempha choonera, sindinamupatse filimu ya malupanga. Ndinamuuza kuti ayambe Hotel del Luna, aziona gawo limodzi pa usiku, ndipo akafika pakati pomwe nkhani imazizira asaisiye, chifukwa magawo omaliza ndi omwe antchito a m'hotelamo amatsanzikana mmodzimmodzi.