Ku bwalo la ndege la Chileka sungasochere

Lachinayi lapitali ndinanyamuka ku Luchenza mbandakucha kukachingamira achemwali anga ochokera ku Johannesburg. Minibasi inandidyera nthawi pa Limbe, kondakitala akungoti "tikunyamuka pompano" kwa ola lathunthu, moti ndinafika ku Chileka thukuta lili kamukamu.

Bwaloli ndi laling'ono, ndipo ine ndinalikondera chomwecho. Ukatsika galimoto, kuponda kangapo wafika kale pakhomo. Achemwali anatulukira ndi zikwama zawo ziwiri Fanta wanga ndisanamumalize.

Malemu agogo ankatiuza kuti pa 6 Julayi 1958, linali Lamulungu, anakwera lole ndi anzawo othyola tiyi ku Thyolo kudzaona Dr. Banda akutsika ndege pamalo omwewa, atakhala kunja zaka zoposa 40. Ndinaima pakhomopo kuyesa kuganiza kuti chinamtindi chimenecho chinakwana bwanji. Paja Chileka ndiye linali khomo lalikulu la dziko lino mpaka bwalo la Kamuzu ku Lilongwe litatsegulidwa mu 1983.

Anzanga a ku Mulanje ndi Thyolo, pangananitu mtengo ndi wa takisi musanakweze katundu. Ife tinakambirana zikwama zili kale m'buti, ndipo tinalipira mowawa.