Mabuku a kwathu, koma kwathu sakufika

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Dedza, ndipo chaka chino ndagula mabuku atatu ku kampani ina yaing'ono yoima payokha, imene imasindikiza kafukufuku wa akatswiri pa nkhani za mbiri, zipembedzo ndi chikhalidwe cha anthu. Ntchito yotereyi si yachilendo m'dziko muno, pakuti a Kachere Series ku Zomba anaiyamba kale m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake kunabwera Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu. Kampani imene ndikukambayi si imodzi mwa zimenezi, ndipo ndi yaing'ono kwambiri moti munthu amene anayankha foni yanga ndi yemwenso anamanga katundu wanga.

Kugula kwake sikunavute. Ndinalipira pa foni, ndipo patapita masiku anayi kondakitala wa minibasi anandipatsira phukusi pa siteji, litakutidwa ndi nyuzipepala zakale mkati mwa katoni ya sopo.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri ndi kusamala kwawo pa zimene asindikiza. Buku la Angoni a Maseko linayamba ngati kafukufuku wa digiri, wa mtundu umene kawirikawiri umangotuwa ndi fumbi m'laibulale ya yunivesite, koma akonzi anauwongola mpaka munthu wamba wodziwa Chingerezi atha kuutsata osatopa. Nkhani ya kuphedwa kwa Inkosi Gomani woyamba ndi asilikali a atsamunda mu 1896 yafotokozedwa poika pamodzi zolemba za boma ndi zimene anasimba akuluakulu a ku Lizulu, ndipo pamene mbali ziwirizi zasemphana wolemba sanabise kapena kukondera. Chimodzimodzinso za Inkosi Philip Gomani, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 nachotsedwa pa mpando. M'mabuku athu a m'kalasi nkhani imeneyi imangopatsidwa mizere iwiri kapena itatu, koma apa ndinapeza zokwanira kuphunzitsa sabata yathunthu, ndiponso kumapeto kwa tsamba lililonse kuli kolozera kumene mfundo iliyonse yachokera.

Tsono pa kapangidwe ka mabukuwo ndiye pali mawu. Buku lachiwiri likukamba za zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Aliyense amene anakwerako amadziwa kuti kusiyana kwa mitundu ndiye phata la nkhani: zojambula zofiira ndi zakale, za Akafula, pamene zoyera ndi za Achewa ndipo zambiri zikukhudza chinamwali ndi Nyau. Komatu zithunzi zonse anazisindikiza zopanda mtundu, pa pepala lopyapyala, kotero kuti zofiirazo zinangosanduka mthunzi. Mwana wina wa Fomu 3 atayang'anitsitsa anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chojambulacho chili pati?" Ndinasowa chomuyankha, ngakhale kuti phirilo timaliona tikangotuluka panja. Ndikudziwa kuti kusindikiza kwa mitundu n'kokwera mtengo kwa kampani yongotulutsa mabuku ochepa, koma masamba anayi okha pakati akanakwanira. Nawonso guluu womatira sanapirire chinyezi cha mwezi wa June, ndipo masamba oyambirira ayamba kale kuthothoka.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi lakuti mabukuwa safika kwa eni nkhani. Pa boma pano palibe sitolo imene imawagulitsa, mtengo wa buku limodzi ungagule ndiwo za banja kwa masiku angapo, ndipo onse ali m'Chingerezi. Nditapita kumudzi ku Ntcheu ndinatenga buku la Angoni lija n'kuwawerengera amalume, ndikumasulira ndime ndi ndime titakhala pakhonde. Anamvetsera mwachidwi, nandiimitsa kawiri kuti akonze katchulidwe ka mayina a midzi, kenako anati, "Mphwanga, nanga anthuwa anadzafunsa m'chinenero chathu, bwanji anakalemba m'chinenero chimene ife sitimva?" Nditawauza a kampaniyo pa foni, anandiyankha mwaulemu kuti ogula ambiri ndi malaibulale a kunja ndi ophunzira a m'mayunivesite, ndipo popanda iwowo kampaniyo ikhoza kutsekedwa. Yankholo ndi loona, koma silinandikhutiritse, chifukwa chidule cha masamba ochepa m'Chichewa kumapeto kwa buku sichingagwetse kampani.

Buku lachitatu, lonena za amishoni amene anafika ku Mua mu 1902, sindinalimalize, koma ndalonjeza kale kubwereka aphunzitsi anzanga awiri amene akulidikira. Ndawauza kuti alikute ndi pulasitiki asanalitsegule.