Thandizo la StepChange pamene DMP yayamba kulemera

Amalawi ambiri amene ali ku Britain amalidziwa bungwe la StepChange, lothandiza anthu amene ali m'ngongole, chifukwa cha DMP (Debt Management Plan), ndondomeko imene munthu wangongole amapereka ndalama kamodzi pamwezi ndipo bungwelo limazigawa kwa onse amene anamubwereketsa. Zimene sizikambidwa kawirikawiri ndi zomwe zimachitika pamene ndalama ya pamwezi ija, imene inkaoneka yopepuka tsiku losainirana, yayamba kukanika chifukwa mashifiti achepa, lendi yakwera kapena m'nyumba mwagwa matenda. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, ndipo mbali imeneyi ya ntchito yawo ndi imene ndadutsamo. Maganizo anga ndi akuti thandizo lawo limaoneka phindu lake lenileni pa nthawi imeneyi kuposa pa tsiku loyamba, ngakhale pali zinthu zingapo zokhudza moyo wathu ife obwera zimene ndondomeko za ngongole za dziko lino sizinapangidwire.

Bungweli linayamba mu 1993 ndi dzina lakuti Consumer Credit Counselling Service, linasintha dzina mu 2012, ndipo likulu lake lili ku Leeds. Uphungu wake komanso DMP yake ndi zaulere, kutanthauza kuti ndalama yonse imene mwapereka imapita ku ngongole. Gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera bungweli limachokera ku mabanki ndi makampani obwereketsa omwewo, ndipo ena amakayikira ngati mlangizi wodya za mwini ngongole angakhale kumbali ya wangongole. Kukayikira kumeneku n'komveka, koma kwa ine kunatha mphamvu pamene mlangizi wawo anayamba yekha kundifotokozera njira zimene zikanachititsa kuti obwereketsawo asalandire kanthu. Ndisanapite kwa iwo ndinali m'manja mwa kampani ina yolipiritsa, imene mwezi uliwonse inkayamba yadula gawo lake isanatumize zotsala, moti ngongole inkatsika pang'onopang'ono kuposa mmene ndinkalipirira.

Mukawauza kuti ndalama ya pamwezi yakukanikani, choyamba chimene amachita ndi kuunikanso bajeti yonse, pa foni kapena pa intaneti. Ndi bwino kukhala ndi mapepala a malipiro, sitetimenti ya ku banki ndi makalata onse a ngongole patebulo, kuphatikizapo aja amene munawaponya mu dirowa osawatsegula. Ine ndinkayembekezera kuti tiyambira pa makadi a ngongole, popeza eni makadiwo ndi amene ankaimba foni kwambiri, koma mlangiziyo anayamba ndi kufunsa ngati lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi ndi gasi zinali zolipiridwa. Nditanena kuti msonkho wa khonsolo ndinausiya kuti DMP isaduke, anandifotokozera modekha kuti dongosolo lake n'losiyana ndi limenelo. Ngongole zimene zingakuchotsetseni m'nyumba, kukubweretserani olanda katundu pakhomo kapena kukudulitsani magetsi zimakhala patsogolo, ndipo makadi, ovadirafiti ndi ngongole za m'masitolo zimagawana zotsala zokha. Mafunso ena anali aang'onoang'ono, monga ndalama ya basi yopita ku shifiti ya usiku, nsapato za kuntchito ndi kumeta tsitsi, ndipo pamene ndinatchula ndalama ya chakudya anandibwezera funsolo, poona kuti ndinaichepetsa dala chifukwa cha manyazi.

Bajeti yatsopanoyo ikatha, njira yoyandikira kwambiri ndi kutsitsa ndalama ya pamwezi kuti igwirizane ndi zimene zikutsaladi. Ngati vuto ndi la kanthawi, monga kudikira ntchito yatsopano, munthu angathe kumapereka kandalama kosonyeza chabe kuti sanathawe, kawirikawiri £1 pamwezi kwa wobwereketsa aliyense. Apa m'pamene pamafunika kumvetsa chikhalidwe cha DMP. Si mgwirizano womanga mwalamulo, choncho ikhoza kusinthidwa nthawi iliyonse popanda chilango, koma pa chifukwa chomwecho palibe chimene chimakakamiza wobwereketsa kuimitsa chiwongoladzanja kapena kusapita ku khoti. Ambiri amavomera akaona bajeti yochokera ku bungwe lodziwika, koma StepChange ilibe mphamvu yowalamula, ndipo alangizi ake amanena zimenezi poyera. Komanso kutsitsa ndalama kumatalikitsa zaka zobweza, ndipo pamene chiwerengero cha zakazo chafika pokayikitsa, funso limasintha n'kukhala lakuti kodi DMP idakali njira yoyenera.

Kwa amene akufunika nthawi yoti aganize, ku England ndi ku Wales kuli dongosolo la boma lotchedwa Breathing Space, limene linayamba mu May 2021. Limapereka masiku 60 amene obwereketsa sayenera kuwonjezera chiwongoladzanja ndi zilango, kukuvutitsani ndi mafoni kapena kupitiriza zolanda katundu pa ngongole zimene zalembetsedwa. Munthu sangalembetse yekha, amadutsira kwa mlangizi wa ngongole, ndipo sangalipeze kawiri m'miyezi 12. Ngongoleyo siichotsedwa, ndipo lendi ndi mabilu atsopano zimayenera kulipiridwabe. Kwa amene akulandira chithandizo cha matenda a maganizo ofika pa ngozi, chitetezocho chimakhala nthawi yonse ya chithandizocho kuwonjezerapo masiku 30.

Njira imene ndikuona kuti anthu athu ambiri saidziwa, pamene ikanawathandiza, ndi DRO (Debt Relief Order), njira ya boma yoimitsa ndi kufafaniza ngongole za munthu wopeza zochepa. Inapangidwira munthu amene alibe nyumba yakeyake, amene katundu wake sapitirira £2,000, ndipo akalipira zofunika pa moyo amatsala ndi £75 kapena kucheperapo pamwezi. Mu 2024 malamulo ake anafewetsedwa: ndalama yolembetsera ya £90 inachotsedwa mu April, ndipo mu June malire a ngongole anakwezedwa kufika pa £50,000, pamene galimoto yololedwa inakwezedwa kufika pa £4,000. Kwa munthu wosamalira okalamba m'makomo mwawo, amene ntchito yake imadalira galimoto, kusintha komalizaku n'kofunika kwambiri. Kwa miyezi 12 simulipira ngongole zimene zalembedwamo, ndipo ngati zinthu sizinasinthe pakutha pa nthawiyo, ngongolezo zimafafanizidwa. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu amene anauzidwa zaka za m'mbuyomo kuti sakuyenerera, akhoza kukhala woyenerera lero, ndipo ndi chifukwa chokwanira choimbiranso foni. Komabe ili ndi kuipa kwake ndithu. Dzina lanu limaikidwa m'kaundula amene aliyense angamuone pa intaneti, mbiri yake imakhala zaka 6 ku Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo m'miyezi 12 ija simungabwereke ndalama zopitirira £500 osaulula kuti muli pa DRO.

Za IVA (Individual Voluntary Arrangement), mgwirizano ndi obwereketsa wobweza gawo chabe la ngongole, ndinena mwachidule, chifukwa ndi imene imalengezedwa kwambiri pa Facebook ndi makampani olonjeza kufafaniza ngongole. Imeneyi ndi yomanga mwalamulo, imatenga zaka 5 kapena 6, ndipo ili ndi ndalama zolipira woyendetsa wake. Amene ali kale pa IVA n'kuyamba kulephera ayenera kulankhula ndi woyendetsayo msanga, popeza pali mwayi wopuma kwa kanthawi kapena wopempha obwereketsa kuti avomere ndalama yotsika. Ikagwa, ngongole zimabwerera, ndipo mbali ya zimene munalipira imakhala itapita ku zolipira zija. Pomaliza pali kulengezedwa kuti ndinu wolephera kubweza ngongole, kumene kulembetsa kwake ndi £680 ku England ndi ku Wales. Abale a ku Glasgow ndi Edinburgh adziwe kuti Scotland ili ndi malamulo akeake, monga Debt Arrangement Scheme, ndipo StepChange imathandizanso kumeneko motsatira malamulo amenewo.

Pamene ndondomeko zonsezi zimasemphana ndi moyo wathu ndi pa nkhani ya kumudzi. Bajeti imene mabungwe a ngongole amagwiritsa ntchito inalembedwa poganizira banja lokhala pansi pa denga limodzi, pamene ambiri a ife timalipira fizi ya mwana wa achemwali, feteleza wa amayi ndi bokosi la maliro alionse amene agwa pamtundu. Kwa wobwereketsa, ndalama yotumizidwa ku Malawi ndi ndalama imene ikanabwera kwa iye, ndipo sakakamizidwa kuivomereza. Langizo langa n'lakuti muitchule ndithu osaibisa, ndipo mufotokoze ngati ndi ya ana anu enieni amene muli ndi udindo wowalera, chifukwa ndalama yobisidwa ndi imene imagwetsa bajeti pakangopita miyezi yochepa, komanso imaoneka pa sitetimenti. Chimodzimodzinso chipereganyu ndi ngongole za pachibale. Pa DRO, ngongole ya kwa mnzanu wa kutchalitchi imawerengedwa ngati ngongole ina iliyonse, ndipo ngati m'zaka ziwiri zapitazo munabweza m'bale n'kusiya ena onse, zimenezo zingachititse kuti pempho lanu likanidwe. Kwa munthu woleredwa kwathu, amene amadziwa kuti mlandu suwola ndipo adzakumanabe ndi m'baleyo pa ukwati ndi pa maliro, lamulo limeneli ndi lowawa, ndipo palibe mlangizi amene angalisinthe.

Katapila nayenso anatitsatira kuno. Kubwereketsa ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, ndi mlandu, ndipo wolakwa ndi wobwereketsayo, osati wobwereka. Ku England kuli gulu la boma lothana ndi anthu otere, lodziwika ndi dzina lakuti Stop Loan Sharks, ndipo munthu angathe kulidziwitsa popanda kutchula dzina lake. Ndikudziwa kuti kuneneza munthu amene mumapemphera naye kapena amene anakuthandizani kupeza ntchito si chinthu chapafupi, koma bajeti imene ikubisa chiwongoladzanja cha katapila siingayende, ngakhale atailemba katswiri wotani.

Nkhani ina imene imatisowetsa tulo ndi ya viza. Alangizi a ngongole si alangizi a za olowa m'dziko, ndipo ntchito imeneyo ili ndi chilolezo chake chapadera. Ngongole ya khadi payokha si mlandu wa upandu, koma ngongole ya chithandizo cha zipatala za boma (NHS) yofika £500 ingachititse kuti pempho la viza likanidwe, ndipo pa pempho la unzika boma limayang'ananso mmene munthu wayendetsera chuma chake. Choncho amene akuganizira DRO, IVA kapena kulengezedwa kuti walephera kubweza, afunse kaye loya kapena mlangizi wovomerezeka wa za viza asanasaine, ndipo imeneyi ndi ntchito yabwino yogwiritsira masiku 60 aja a Breathing Space.

Ine ndinasankha kukhalabe pa DMP ndi ndalama yotsika, nditayamba ndakonza za msonkho wa khonsolo, chifukwa zotsala zanga pamwezi zinkapitirira malire a DRO. Amene amavutika kulankhula za ndalama pa foni angayambire pa intaneti, pamene amatha kulemba bajeti nthawi iliyonse, ngakhale atangoweruka ku shifiti ya usiku. Amene akufuna munthu wokhala naye pansi maso ndi maso, atanyamula makalata ake m'jumbo, angathandizidwe bwino ku Citizens Advice ya m'dera lawo, pamene National Debtline imayenerera amene akufuna uphungu wokha koma makalata opita kwa obwereketsa azilemba okha. Onsewa ndi aulere, ndipo palibe choletsa kufunsa awiri musanasankhe.